Ntchito ya Mzime, Dzina la Achimwene

"Sindikukana kuti unapanga ndiwe! Wakana ndani? Ine ndikunena dzina lokha, dzina basi, palembedwe la achimwene ako!"

A Telala anamenya tebulo lodulirapo nsalu mpaka sizasi inadumpha. Tepi yoyezera inali m'khosi, mapini awiri ali pakamwa, moti mawu ankatulukira m'mbali mwa milomo. Odutsa pamsewu ankayenda mozengereza kuti amveko, chifukwa shopu ya a Telala inali chipinda cha kumaso cha nyumba yawo yomweyo, ndipo mkangano wa m'nyumba imeneyo sunkasowa omvera.

Mwana wawo wamkazi wotsiriza, amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime, anali atakumbatira laputopu pachifuwa.

"Bambo, miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikulemba pulogalamu imeneyi. Achimwene sanaikepo ngakhale kadontho. Lero ntchito yatuluka yofuna chinthu chomwechi, ndiye mukuti ndiwapatse?"

"Kuwapatsa ndani? Kuwabwereka! Chibale n'fupa, mwana iwe, sichiola."

Nkhani yake inali iyi. Kampani ina ya mumzinda, yopanga mapulogalamu a mabizinesi ang'onoang'ono, inkafuna munthu mmodzi. Chilengezo chake chinati: mapepala a kusukulu tiwaona pambuyo, choyamba tionetseni chimene munapanga nokha, chimene anthu akuchigwiritsa ntchito. Ndiye m'shopu ya a Telala chinthu choterocho chinalimo. Mzime anaphunzira yekha pa laputopu yakale ya mchimwene wake, n'kupanga pulogalamu yosunga miyezo ya makasitomala onse. Chovala chikatha, pulogalamuyo inkatumiza yokha uthenga pafoni ya mwini wake kuti adzatenge.

Mchimwene wakeyo anali atatsamira pachitseko, maso ali pansi. Dzina loti Injiniya anamupatsa ndi bambo ake tsiku lomwe ananyamuka kupita ku koleji, ndipo dzinalo linakakamira ngakhale ntchito inakana kubwera. Zaka ziwiri chimalizireni sukulu, makalata opempha ntchito oposa makumi asanu, yankho zii. Pamwamba pa izo, mkazi wake anali woyembekezera.

"Bambo a Injiniya," anatero mayi a m'nyumbamo, osadzutsa mutu pa malaya amene ankasokerera mabatani, "inu ndinu telala. Mpaka ndikukumbutseni ine kuti nsalu yobwereka sithetsa usiwa?"

"Mayi, miyambi ndili nayo inenso. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mpando ndi umodzi. Uyu ali ndi banja, mwana ali m'njira. Uyu ndi mtsikana, nthawi ali nayo yambiri. Komanso mawa akwatiwa, ntchito n'kupita nayo kwa eni ake. Ine ndapindulanji?"

Mzime anaika laputopu patebulo, n'kugwada pafupi ndi makina osokera. Mawu ake anatsika.

"Bambo, ndikupempha. Ndiloleni nditumizeko kalata yanga. Achimwene luso ali nalo lawo. Kuyala mawaya a intaneti, kukonza makompyuta akufa, palibe wowaposa. Afunsire ntchito zimenezo, ndiwathandiza ndi mtima wonse. Koma iyi ndi yanga."

"Injiniya wathunthu azikakwawa pansi pa madesiki a anthu ndi mawaya? Asa! Ndati ayi. Kalata ituluke imodzi m'nyumba muno."

Anaona misozi m'maso mwa mwanayo, ndipo tisanamizane, mtima unawapweteka. Koma a Telala anali munthu woti akadula nsalu, wadula. Anapalasa makina mwamphamvu kuti phokoso litseke nkhaniyo.

Mzime anali ndi matenda amodzi: ntchito akaigwira sankatha kuigwira moipa, ngakhale atakwiya chotani. M'mawa mwake anakhazika mchimwene wake pabenchi ya makasitomala, n'kutsegula makalata ake akale. A Telala ankasoka mpendero wa siketi, khutu lili komweko.

"Achimwene, kalata imeneyi mwakhala mukutumiza yomweyomweyi kulikonse? Mumangosintha dzina la kampani?"

"Nanga si ndi yabwino."

"Malo atatu munaiwala n'kusintha komwe! Munalembera kampani iyi kuti mumalakalaka kugwira ntchito kukampani ina. Akanakuyankhani kuti chiyani? Werengani chilengezo kawiri. Chimene apempha, muyankhe chomwecho m'ndime yoyamba. Munthu wowerenga makalata mazana awiri alibe nthawi yomva kuti munali woyang'anira anzanu kupulayimale."

"Wamva, Injiniya?" anafuula a Telala. "Za kupulayimale uchotse!"

"CV yanuyi masamba asanu. Likhale tsamba limodzi. Apa mwalemba kuti mumadziwa zilankhulo za kompyuta zisanu ndi zinayi. Tandilemberani mzere umodzi m'chachitatuchi."

Injiniya anakanda kumutu.

"Fufutani. Chimene simungachionetse musachilembe. Nanga imelo yanuyi? Mfumu ya magemu? Ndani angalembe ntchito mfumu ya magemu? Tsegulani ina ya dzina lanu lenileni."

A Telala anaseka chikhakhali mpaka singano inaphonya mzere. Koma abale inu, munthu kusangalala ndi nzeru za mwana amene akumubera! Iwo sanaone choncho ayi. Ankangoona ana awo awiri atagundanitsa mitu pa laputopu imodzi, n'kumati m'mtima, banja ndi limeneli. Pamene Mzime ankafufuta dzina lake pansi pa pulogalamu n'kulembapo la mchimwene wake, iwo anali atatembenuka, akusankha ulusi.

Kalata inapita Lachisanu, tsiku lotsekera lenilenilo. Lachitatu la sabata yotsatira, dzuwa lili paliwombo, foni ya Injiniya inalira. Anaiyankha ataimirira, akugwadira munthu wosamuona.

"Andiitana! Intavyu Lolemba!"

Mayo ine, shopu inachepa! A Telala anavina ndi nsalu ya kasitomala paphewa, anatuluka pakhonde n'kuuza wogulitsa makala, wometa tsitsi wa pafupi, ngakhale mayi wina amene anangoima kufunsa njira. Tsiku lomwelo anatsitsa nsalu yabuluu imene ankaisunga pamwamba pa shelefu, n'kuyamba kudula jekete. Madiresi a anthu anadikira.

Madzulo aliwonse, shopu isanatsekedwe, kunali kuyeserera. A Telala ankavala magalasi, kukhala pampando, kupinda mwendo, n'kukhala bwana wa kampani.

"Eee, bambo Injiniya, tatiuzeni. Pa anthu onsewa, tilembe inu chifukwa chiyani?"

"Ndine munthu wolimbikira, wokhulupirika, wosunga nthawi, wokonda..."

"Imani pomwepo," anatero Mzime. "Onse akanena zimenezo. Musaloweze pamtima ngati ndakatulo ya kusukulu. Nenani vuto limene linalipo, chimene chinachitika, ndi chimene chinasintha. Kale madiresi ankakhala pano mwezi wathunthu eni ake osadziwa kuti atha. Pano satha masiku atatu. Nenani zimenezo."

"Ehe! Masiku atatu!" anavomereza bwana wa kampani, ataiwala kuti ndi bwana.

"Akakufunsani chimene simukuchidziwa, musapeke. Nenani kuti simukuchidziwa, koma fotokozani mmene mungachifufuzire. Pomaliza akati muli ndi funso, musati ayi. Funsani kuti wolembedwayo mwezi woyamba adzagwira chiyani. Mukabwerako, tumizani uthenga wothokoza tsiku lomwelo."

"Mwana uyu akanakhala mwamuna!" anatero a Telala, akuganiza kuti akumuyamikira.

Mayi anaika pansi malaya n'kuwayang'ana mpaka iwo anakonza magalasi opanda vuto.

Loweruka, akumuyeza jekete, Injiniya ananong'oneza.

"Bambo, ine mtima sukundikhala. Ndaloweza zonse, koma akangopatuka pang'ono ndagwa. Bwanji tingonena zoona?"

"Tambasula mkono. Zoona zake ziti? Laputopu ndi yako, mlongo ndi wako, shopu ndi ya bambo ako. Chachilendo n'chiyani pamenepa? Ukalowa udzaphunzirira momwemo. Ukufuna mwana wako adzabadwe bambo ake akuwerenga magalimoto pamsewu?"

Injiniya anatambasula mkono.

Lolemba masana anatulukira pakona akuthamanga, jekete lili m'manja.

"Tatsala awiri! Pa anthu makumi anayi, awiri! Akuti kalata yanga inali yomveka kuposa onse. Akuti Lachinayi abwera kuno kudzaona pulogalamu ikugwira ntchito pamalo pake!"

"Kuno? M'shopu mwanga muno?"

A Telala sanayendenso pansi masiku atatu amenewo. Anasesa, anakolopa, anachotsa akangaude amene anakhala kudenga mwamtendere zaka zambiri. Anapachika madiresi okongola okhaokha kutsogolo, zigamba n'kuzibisa pansi pa tebulo. Lachinayi m'mawa anasonkhanitsa banja n'kugawa malo ngati mphunzitsi wa mpira.

"Injiniya pa laputopu. Mayi, inu tiyi. Mzime, iwe kuchipinda cha kumbuyo, uzikasita. Usatuluke, usatsokomole. Nkhanga zinapangana kusanapse, tamvana?"

"Tamvana, bambo," anatero Mzime, n'kunyamula simbi.

Mlendo anafika cha m'ma teni. A Telala ankayembekezera bwana wamimba, wa tayi. M'malo mwake munalowa mayi wamfupi, wa nsapato zafulati, chikwama chili kumsana, womwetulira ngati munthu wodzatenga diresi lake. Anati ndiye mkulu wa gulu lolemba mapulogalamu kukampaniko.

Poyamba zonse zinayenda ngati zipi yatsopano. Injiniya anaonetsa mndandanda wa makasitomala, anatsegula miyezo ya mmodzi, anatumiza uthenga, foni ya mayi ake n'kulira pomwepo. Mlendoyo anaomba m'manja.

"Izi ndiye ndimafuna! Kanthu kakang'ono koma kamoyo. Ambiri amationetsa zinthu zazikulu zimene palibe anazigwirapo. Tsopano tiyeni tiyese. Bambo, ndiyezeni ine, ndikhale kasitomala watsopano."

A Telala anasolola tepi m'khosi monyadira. Mapewa, chiuno, mkono, akutchula manambala mokweza, Injiniya akulemba.

"Nambala ya foni, mayi?" anafunsa Injiniya.

"Tinene kuti ndilibe foni. Ndine gogo wa kumudzi, ndabwera ndi nsalu yanga basi."

Injiniya anasiya malowo opanda kanthu, n'kudina posunga. Pulogalamu inakana. Anadinanso, inakananso. Analembapo ziro mmodzi, n'kudina kawiri mofulumira. Galasi lonse la laputopu linayera mbuu, pamwamba pali timalemba tofiira.

"Palibe vuto," anatero mlendoyo mokoma mtima. "Zimachitika. Tsegulani mkati mwake tione pamene yakhumudwa."

Injiniya anatsegula. Mizere inadzaza galasi. Anatsika nayo, anakwera nayo, anatsikanso. Thukuta linayamba kudontha pa kolala ya jekete latsopano lija. Mphindi imodzi, ziwiri, zitatu.

A Telala anasuzumira pagalasipo. Ankaona ntchito ikutuluka pakhomo ndi miyendo yake. Ndipo pakamwa, pamene panazolowera kuitana dzina limodzi miyezi isanu ndi iwiri, panatseguka pokha mutu usanafunsidwe.

"Mzime! Iwe Mzime! Tabwera msanga, chinthu chako chija chayambanso!" Anatembenukira kwa mlendo akumwetulira. "Musadandaule mayi, mwini wake akangochigwira sichichedwa."

Anamva mawu awo omwe akubwerera kuchokera kukhoma. Mayi, amene ankalowa ndi tiyi, anaima pakhomo thireyi ili m'manja. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala, ndipo khoswe wake anali mwini nyumba.

"Mwini wake?" anafunsa mlendoyo.

Injiniya anaimirira pang'onopang'ono, n'kukankhira mpando kumbuyo.

"Mayi, pulogalamuyi sindinalembe ine. Analemba ndi mlongo wanga. Kalata ija anandikonzeranso ndi iyeyo. Pepani, ndakutayitsani nthawi."

Mzime anatulukira, manja akununkha nsalu yotentha. Mlendoyo anamulozera mpando. Mtsikanayo anayang'ana timalemba tofiira tija kamodzi kokha.

"Ndinachita kuikakamiza kuti isalole kasitomala wopanda nambala, chifukwa bambo ankaiwala kufunsa. Koma sindinaganize za munthu wolemba ziro. Kulakwa n'kwanga."

"Ungakonze bwanji?"

"Njira zilipo ziwiri. Yachangu, ndingoilola kusunga popanda nambala. Koma ndiye gogoyo sadzadziwa kuti chovala chatha. Yabwino, ndiike malo a nambala ya wachibale kapena woyandikana naye, ndipo amene alibiretu aziikidwa pamndandanda wawo, kuti bambo aziwauza tsiku lobwera asanachoke."

"Panga yachiwiriyo ndione."

Zala zinayamba kuthamanga. Mlendoyo anakoka benchi, anakhala pafupi, mafunso ali motsatizana. Bwanji apa unapanga chonchi? Ukanakhala ndi mashopu zana ukanatani? Mzime ankayankha, pena n'kunena kuti, "Chimenecho sindikuchidziwa, koma ndingayambire apa." Awiriwo anaseka, anatsutsana, anaiwala kuti m'chipindamo muli anthu. Tiyi asanazizire, gogo wopanda foni anali atasungidwa bwinobwino.

Ndiye a Telala, ha, munthu sasintha tsiku limodzi! Chiyembekezo chinawadzukanso, nkhope n'kuwala.

"Mayi, mwaona nokha! Ndiye tengani uyu! Onsewa ndi anga, magazi amodzi. Mungofufuta dzina ilo n'kulemba ili, nkhani yatha!"

Mlendoyo anasiya kumwetulira.

"Bambo, anthu si mabatani oti ili likasowa musokererepo linzake." Anatembenukira kwa Mzime. "Kalata yako ili kuti? Ndinawerenga onse mazana awiri, dzina la mtsikana wa pano sindinalione."

Mzime anangoyang'ana bambo ake, ndipo mlendoyo anatsatira maso akewo.

"Ndamva," anatero. "Tsiku lotsekera linadutsa. Pali mnyamata wina amene anabwera ndi ntchito yakeyake, m'dzina lake, akudikira yankho. Sindingamulande malo chifukwa cha munthu amene sanafunsire. Ndikanakonda zikanakhala zina, chifukwa kalata yako ikanafika, sindikanavutika n'kubwera kuno." Ananyamula chikwama. "Bwezera dzina lako pamene unalichotsa. Ika ntchito yako poti anthu aione. Makampani si ife tokha. Ndipo inu achimwene, mwanena zoona mochedwa, komabe mwanena. Funsirani ntchito imene manja anu akuidziwa."

Anatuluka. Wometa tsitsi, amene anali pakhonde kudikira nkhani yabwino, anabwerera mwakachetechete kukagwira makina ake.

"Madzi akatayika saoleka," anatero mayi, akubweza tiyi kukhitchini.

Masabata awiri a Telala anasoka osayimba nyimbo. Injiniya anavula jekete, anatenga chikwama cha zida, n'kuyamba kuzungulira masukulu ndi maofesi ndi tsamba limodzi lonena za mawaya ndi makompyuta akufa. Malo ena anamuuza kuti abwerenso adzamuyese, ndipo anabwerako akuimba mluzu. Mzime ankasita, ankasesa, ankayankha "inde bambo" ndi "ayi bambo", mwaulemu wonse. Ulemu umenewo ndi umene unkawasowetsa mtendere a Telala. Ankafuna mwanayo atakwiya, atalira, atawanena. Iwo ankadziwa kuti analakwa, koma mawu oti pepa ankawavuta kunena.

Tsiku lina m'mawa anatsitsa nsalu yabuluu yotsala ija, anaiyala patebulo, anakonza kukhosi.

"Mzime, tabwera. Ndaganiza bwino. Ndakulola. Uzilemba makalata ako, m'dzina lako. Ine bambo ako ndavomera."

Anadikira kuti mwanayo adumphe ndi chimwemwe. Mzime anaimika simbi bwinobwino.

"Zikomo bambo. Ndinatumiza kale asanu ndi imodzi. Awiri ayankha. Ena andiitana Lolemba, kumzinda waukulu. Ndinyamuka Lamlungu m'mawa."

"Lamlungu lomweli? Unatumiza liti?"

"Tsiku lomwe lija, mlendo atangotuluka."

A Telala anayang'ana kwa mayi. Mayi anali pa mabatani awo, ndipo nkhope yawo inaonetsa kuti nkhaniyi si yachilendo kwa iwo. Anayang'ana kwa Injiniya, amene ankakulunga waya pakhomo. Nayenso anangowerama. Nyumba yonse inkadziwa, kupatula mwini nyumba.

"Osandifunsa ine?" Mawu anatuluka aang'ono, osakhala a munthu womenya matebulo.

"Ndinakufunsani, bambo. Ndinachita kugwada."

A Telala anatsegula pakamwa, koma mwambi sunabwere ngakhale umodzi. Anasolola tepi m'khosi.

"Tambasula mikono," anatero. "Lamlungu si kutali."